Ndani Anati Tsitsi Lathu Ndi Lauve?

Anzanga acinyamata, pali mau ena amene tawazolowera kotero kuti sitionanso kuipa kwake. Mtsikana akabwera ku kwaya ndi tsitsi lake lobadwa nalo, losambitsa ndi lopesa bwino, wina amamufunsa kuti, "Nanga ku saluni mupita liti?" Ukwati ukayandikira, a matroni amalamula kuti atsikana onse a pa laini avale wigi kapena awongole tsitsi, wokana acoke. Wofuna nchito m'maofesi a mu Cairo Road amauzidwa ndi azakhali ake kuti ayambe "wakonza mutu". Ine ndikuti mau otere ndi cipongwe, ndipo ife a mu mpingo tikhale oyamba kuwasiya.

Kunyoza tsitsi lopotana kunacokera kutali. Ku South Africa m'nthawi ya apartheid, anthu a boma anali kulowetsa pensulo m'tsitsi la munthu pofuna kudziwa mtundu wake. Ikakanirira osagwa, ndiye kuti iyeyo si mzungu, ndipo ufulu wake unali kucepa pomwepo. Ngakhale mu 2016, atsikana a pa Pretoria High School for Girls anacita kuguba podandaula kuti akuuzidwa kuwongola tsitsi lao. Kuno ku Zambia tinalandira ufulu mu 1964, koma pensulo ija tainyamula tokha, ndipo tikuyesana nayo ku Kabwata, ku Chelstone, ku Woodlands mpaka ku Kabulonga.

Kodi tidziwa cimene cili m'kabotolo ka rilaksa? Marilaksa ambiri ali ndi sodium hydroxide, mankhwala omwe aja opangira sopo ndi otsegulira mapaipi otsekeka. Olembedwa kuti "no-lye" naonso ali ndi mankhwala aukali. Nchito yao ndi kuthyola mphamvu imene imapotanitsa tsitsi, ndipo tsitsi lothyoledwa tere silicira. Lomera kumene limatuluka lopotana monga kale, motero pakapita masabata 6 kapena 8 uyenera kubwereranso ndi ndalama zina. Ndani wa ife sanaonepo nkhanambo za rilaksa pamutu pa mnzake? Ndipo tikucita zimenezi ngakhale kwa ana a Sande sukulu.

Mu 2022 a National Institutes of Health ku America anafalitsa zimene anapeza atatsatira azimai oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11. Amene anali kuwongola tsitsi ndi mankhwala koposa kanai pa caka anapezeka ndi khansa ya m'ciberekero kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sanali kutero. Ofufuzawo anati nkhaniyi ifunika kufufuzidwabe, koma wanzeru akamva cenjezo sadikira kuti aone yekha. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Malukidwe othina naonso ali ndi mlandu. Tsitsi likamakokedwa mwezi ndi mwezi ndi mawivu olemera, la kutsogolo limayamba kuthothoka ndipo mphumi imakula. Madokotala amati traction alopecia. Mizu ikafa, palibe mafuta a mu City Market kapena ku Kamwala amene angaidzutse.

Ena adzati, "Tsitsi lathu ndi lolimba, silipeseka." Zoona zake n'zakuti ndi louma, ndipo timalipesa molakwa. Mafuta ocokera pakhungu la mutu amavutika kutsika m'tsitsi lopotana kufika kunsonga. Onjezanipo mphepo ya mu June, fumbi la mu October, ndi madzi a m'Lusaka amene amasiya zoyera m'ketulo. Mankhwala ake si odula. Musapese tsitsi louma: liwazeni madzi, ligaweni zigawo, muyambe ndi zala, kenaka cipeso ca mano otalikirana, kucokera kunsonga kupita kumizu. Likali lonyowa, pakani mafuta pang'ono a nsatsi kapena a mongongo kuti cinyezi cisathawe. Sambitsani kamodzi pa sabata ndi shampu, osati sopo wocapira zovala. Lukani mukule wosathina, kapena mangani ndi ulusi monga anali kucitira agogo athu. Pogona valani citambala coterera.

Ena adzati, "Ndi mutu wanga, ndicita zimene ndifuna." Inde, ndipo sindikunena kuti wigi ndi chimo. Koma ufulu uli kuti ngati mtsikana aopa kutuluka pa geti ndi mutu wake weniweni? Wosankha momasuka ndi uja amene adziwa kuti akabwera ndi tsitsi lake palibe adzamuseka. Ndipo wonena kuti tsitsi lacibadwa silioneka laulemu akumbukire Miriam Makeba, amene anaimba m'maiko ambiri ndi tsitsi lake lalifupi, ndi Zozibini Tunzi, amene anapambana Miss Universe mu 2019 ali ndi tsitsi lake lomwe.

Inu anyamata musaganize kuti nkhaniyi siikukhudzani. Nthabwala zanu za pa khomo la chalichi ndi zimene zimatumiza alongo athu ku saluni ndi ndalama ya basi kapena ya mabuku. Lekani.

Pa Mateyu 10:30 Ambuye atiphunzitsa kuti Atate adziwa ngakhale ciwerengero ca tsitsi lathu. Kodi Iye amene analipota analakwitsa? Tsono ndikupempha makomiti a acinyamata zinthu zitatu. Pasakhale lamulo la wigi pa ukwati, pa kwaya kapena pa sewero lililonse la gulu lathu. Tipatule Loweruka limodzi kuti odziwa kusamala tsitsi aphunzitse anzao kwaulere. Ndipo mwaulemu tipemphe amai athu a m'cigwirizano kuti asaike rilaksa pamutu pa mwana wosadziwa kukana. Kambiranani zimenezi pa msonkhano wanu wa sabata ino, ndipo mutilembere zimene mwagwirizana.