Temwa Chawinga wasonyeza njira, koma njirayo iyambire kuno kwathu

Pamene Temwa Chawinga adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya NWSL ku America mu 2024, adaphwanya mbiri ya zigoli 18 imene Sam Kerr wa ku Australia adaikhazikitsa mu 2019. Chinali chaka chake choyamba ku Kansas City Current, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo. Mu 2025 adalandiranso ulemu womwewo. Amalawi ali ndi chifukwa chonyadira, koma ulendo wa mtsikana wa ku Rumphi ameneyu ukufunsanso funso lovuta: kodi luso lakeli lidakulira kuti?

Temwa adabadwa mu 1998 ndipo adasewerako ku Blantyre Zero asadapite ku Kvarnsvedens ku Sweden mu 2017, kutsatira mkulu wake Tabitha. Mu 2020 adalowera ku Wuhan ku China. M'chaka cha 2023 adagoletsa zigoli 63, kuphatikiza za timu yake ndi za dziko, kuposa wosewera wina aliyense padziko lapansi. Tabitha naye adadutsa ku Sweden ndi ku China, kenako n'kutsogola pa zigoli ku Italy ndi Inter Milan komanso ku France ndi Paris Saint-Germain, asadasamukire ku Lyon mu 2024.

Choonekeratu n'chakuti Malawi idabala luso, koma maiko ena ndiwo adalisula. Kumeneko atsikanawa adapeza mabwalo abwino, madokotala, aphunzitsi ophunzira bwino, malipiro a mwezi ndi mwezi ndiponso masewero a sabata iliyonse. Kuno kwathu, kwa zaka zambiri, mpira wa amayi umaseweredwa m'zigawo, thandizo lili lochepa, ndipo makolo ambiri amauona ngati masewero osayenera mwana wamkazi. Ndani akudziwa kuchuluka kwa atsikana aluso amene adasiyira panjira chifukwa chosowa wowatsegulira khomo?

Pali zizindikiro zakuti zinthu zayamba kusintha. Mu 2023 timu ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1, Temwa ali wogoletsa zigoli zambiri mumpikisanowo. Mu Okutobala 2025 timuyi idagonjetsa Angola 2-0 pa bwalo la Bingu ku Lilongwe n'kudzigulira malo mumpikisano wa WAFCON kwa nthawi yoyamba. Zigoli zonse ziwiri adamwetsa Faith Chinzimu, amene adaphunzira mpira ku Ascent Academy kuno komwe. Phunziro lili pomwepo: mwana akasulidwa bwino adakali wamng'ono, dziko silidaliranso banja limodzi. Chaka chomwecho bungwe la FAM lidayambitsa ligi ya amayi ya dziko lonse mothandizidwa ndi National Bank of Malawi.

Komabe ligi si dzina chabe. Ikufunika mapangano olembedwa oteteza wosewera akavulala, malipiro osadumphadumpha, mipikisano ya atsikana m'sukulu za kumidzi, ndi makalabu odziwa kukambirana mtengo pamene wosewera wawo akugulidwa kunja, kuti ndalamazo zibwerere kudzalera ena.

Moyo wa wosewera m'bwalo ndi waufupi, ndipo tsiku lidzafika pamene Temwa ndi Tabitha adzapachika nsapato. Tsikulo FAM, boma ndi makampani adzayezedwa ndi chiwerengero cha atsikana amene adzakhale atakonzeka kulowa m'malo mwawo.