Tipiteko, koma tipite ngati Danieli

Bungwe la Confucius Institute la ku yunivesite ya Malawi likakonza chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku China kapena mpikisano wa Chitchaina, ena mumpingo amati Mkhristu asapondeko. Ine ndikuti tipite. Dziko lathu lakhala pa ubale ndi China kuyambira 2007, ndipo nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo zinamangidwa ndi thandizo lawo. Wodziwa chiyankhulo chawo amadziwerengera yekha mgwirizano wa ntchito asanasaine. Danieli anaphunzira chiyankhulo ndi mabuku a ku Babulo, koma chakudya cha mfumu anachikana. Ifenso tikaphunzire, tikafunse mafunso, nyama ya nkhumba tiikane mwaulemu, ndipo mwambo akauika pa Sabata, tipemphe okonza asankhe tsiku lina.