Mafilimu a m'mapiri akukoka alendo: nanga za ku Mwanza ajambule ndani?

Chaka chilichonse, kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, tauni ya Banff m'dziko la Canada imadzaza ndi anthu odzaonera mafilimu a m'mapiri: a anthu okwera matanthwe, opalasa njinga m'zitunda ndi ena oyenda maulendo oika moyo pachiswe. Chikondwererochi chidayamba mu 1976, ndipo mafilimu osankhidwa kumeneko amakaonetsedwanso m'maiko oposa 40. China chotere, cha mumzinda wa Trento ku Italy, nchamvulazakale chifukwa chidayamba mu 1952.

Kwa Mmalawi amene akulimbana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, izi zingaoneke ngati masewera a anthu okhuta. Koma mafilimuwa ndi malonda aakulu. Filimu ya Free Solo, yomwe imaonetsa Alex Honnold akukwera thanthwe la El Capitan ku America popanda chingwe mu 2017, idapata mphoto ya Oscar mu 2019. Thanthwelo nlotalika pafupifupi mamita 900. Woonera filimu yotere sagoma ndi wokwerayo yekha ayi, amasiriranso malowo, ndipo ena amakonza ulendo wokawaona ndi maso. Apa mpamene nkhaniyi ikukhudzira Malawi, dziko lomwe m'masomphenya ake a Malawi 2063 lidaika zokopa alendo pakati pa njira zobweretsera chuma.

Mwayi woyamba uli poyera. Mu Julaye 2025, bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006. Nsonga ya Sapitwa njotalika mamita 3,002, ndipo khoma la thanthwe la Chambe limadziwika kwa akatswiri okwera matanthwe ngati limodzi mwa makoma aatali kwambiri mu Africa. Chaka ndi chaka kumachitikanso mpikisano wa Porters Race, womwe othamanga amayambira ku Likhubula, kukwera phirilo ndi kutsikanso pamtunda wa makilomita oposa 20.

Mulanje ali nawo omuyankhulira. Funso lovuta lili pa maboma ngati Mwanza, omwe anthu ambiri a m'tauni amangowadziwa ngati njira.

Boma la Mwanza, lomwe kalembera wa 2018 adapezamo anthu pafupifupi 131,000, lili kumalire ndi Mozambique. Mabasi opita ku Tete, Harare ndi Johannesburg amadutsa pachipata chake, ndipo apaulendo amagulapo manachesi pazenera nkumapitirira. Komatu bomali ndi la zitunda ndi zigwa, kumunsi kwa mapiri a Kirk Range omwe amalowera ku Neno ndi Ntcheu. Kuli nkhalango ya Thambani, dera lomwe dzina lake lidalowa m'mbiri ya dziko mu Meyi 1983, pamene kudapezeka mitembo ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu David Chiwanga. Malo okongola alipo, mbiri yolemera iliponso.

Koma chuma chachikulu cha Mwanza pankhani ya mafilimu ndi anthu ake opalasa njinga. Amene adayendapo m'mawa pamsewu wochokera ku Mwanza kudzera pa Zalewa kulowera ku Blantyre amawadziwa: abambo ndi anyamata okankha njinga zosenza matumba a makala osanjikizana mpaka kubisa mwini wake, ena atanyamula madengu a manachesi, ena a kabaza atakweza wodwala. Pachitunda amatsika nkumakankha ndi phewa. Pamtsetse amadalira mabuleki otha ndi nsapato yokhula pansi, magalimoto akuluakulu akuwadutsa pafupi. Wopalasa wa m'filimu ya ku Banff amasankha yekha chitunda chake, ali ndi chipewa choteteza mutu ndi galimoto yomutsatira. Wa ku Mwanza chitunda chimamusankha, ndipo mphoto yake ndi ufa wa tsikulo.

Kodi moyo wotere ungakhale filimu yokopa dziko? Yankho lidapezeka kale ku Democratic Republic of Congo. Mu 2017, Emmanuel Gras wa ku France adatulutsa filimu yotchedwa Makala, liwu lomwe Mchewa safuna womumasulira. Filimuyo imatsatira Kabwita Kasongo akudula mtengo, kuotcha makala ndi kukankha njinga yolemedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kukagulitsa mumzinda wa Kolwezi. Idapata mphoto yaikulu m'gawo lina la chikondwerero cha mafilimu cha Cannes. Zomwe adaziwombera m'manja ku France ndi zomwe zimachitika pa Zalewa tsiku ndi tsiku.

Rwanda ikupereka phunziro lina. Filimu ya Rising from Ashes ya mu 2012 idafotokoza za timu ya dzikolo ya opalasa njinga, kuphatikizapo Adrien Niyonshuti, yemwe adapikisana nawo pamasewera a Olimpiki ku London chaka chomwecho. Filimu payokha siidamange masewerawo, koma idathandiza kuti dziko lapansi lione mapiri a Rwanda ndi diso lina. Mu Seputembala 2025, mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa padziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa.

Ngakhale zili choncho, pali misampha iwiri. Woyamba ndi wosandutsa umphawi kukhala chionetsero. Kamera ikhoza kukongoletsa thukuta la wokankha njinga, wojambula nkulandira mphoto, wojambulidwayo nkutsala ndi njinga yake yomweyo. Mafilimu a m'mapiri akhala akudzudzulidwa chifukwa chotamanda mlendo wofika pansonga nkuiwala womunyamulira katundu, monga zidakhalira kwa zaka zambiri ndi anthu a mtundu wa Sherpa ku phiri la Everest. Wojambulidwa ayenera kuuzidwa momveka komwe filimuyo ikupita, kuvomera mwaufulu ndi kulandirako gawo la phindu.

Msampha wachiwiri ndi makalawo. Kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo nkulakwira lamulo la nkhalango, lomwe zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo Mwanza ndi Neno ndi ena mwa maboma omwe mitengo yake yathera m'mbaula za ku Blantyre. Filimu yoonetsa nkhope ya wogulitsa ikhoza kumuika m'manja mwa apolisi, pomwe yobisa za kutha kwa mitengo ingakhale yabodza. Filimu yoona iyenera kutsatira thumbalo mpaka kukhitchini ya ku Ndirande kapena ku Namiwawa, kuti woonera wa m'tauni adzione yekha m'nkhaniyo.

Misampha yonse iwiri imachepa mphamvu ngati kamera ili m'manja mwa anthu odziwa chiyankhulo ndi moyo wa kumaloko. Luso lilipo. Shemu Joyah adapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2018 ndi filimu ya The Road to Sunrise, ndipo Joyce Mhango Chavula adaipata mu 2016 ndi filimu ya Lilongwe. Chomwe chikuchepa ndi mafilimu a zochitika zenizeni za kunja kwa mizinda, omwe amafuna ndalama zoyendera ndi masabata ambiri okhala pakati pa anthu.

Poyambira sipafuna mabiliyoni. Thumba lothandiza aluso lomwe lili pansi pa bungwe la Cosoma likhoza kupatula gawo la mafilimu afupiafupi a m'mapiri ndi a njinga. Khonsolo ya Mwanza ikhoza kukonza mpikisano wa njinga m'nyengo ya manachesi, wokhala ndi gawo la njinga za kabaza, madzulo ake nkuonetsa mafilimu pabwalo. Makampani omwe amathandiza kale mipikisano yothamanga angapeze pamenepo malo ena oikapo dzina lawo.

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ojambula akunja adzabwera ndithu, makamaka pano pamene Mulanje watchuka. Akadzafika, adzapeze Amalawi atayamba kale kujambula zitunda zawo, kuti wokankha njinga wa ku Mwanza adzaoneke pa kanema ndi dzina lake, mawu ake ndi malipiro ake.