Injini yofooka imene inafika ku Ceres

Ana anga a Fomu 3 akamva za chombo chopita m'mlengalenga amaganiza za moto ndi utsi. Sakulakwa, chombo chimanyamuka pansi motero. Koma zikafika kumwambako, zombo zambiri masiku ano zimayenda ndi injini yamagetsi imene mphamvu yake ndi yoseketsa: imakankha ngati kulemera kwa pepala limodzi pachikhatho.

Mapanelo a sola amapanga magetsi. Magetsiwo amachotsa maelekitironi pa maatomu a mpweya wa xenon, kenako amathamangitsa maatomuwo kutulukira kumbuyo pa liwiro loposa makilomita 30 pa sekondi. Utsi wa roketi yoyaka moto sufika ngakhale makilomita 5. Ndi lamulo lachitatu la Newton lomwe lija, limene ana amaloweza kuti akhoze mayeso basi: ukaponya chinthu kumbuyo, nawe umakankhidwira kutsogolo. Ukamaponya mwaliwiro chotere, susowa kusenza mafuta ambiri.

Chombo cha Dawn, chimene bungwe la NASA linatumiza mu 2007, chinanyamula makilogalamu 425 okha a xenon. Kuti chiwonjezere liwiro ndi makilomita 96 pa ola, chinkafuna masiku anayi. Wakabaza wa njinga yamoto angachiseke. Koma kumwambako kulibe mphepo yochibweza, ndipo injini yake inkayaka masiku ambiri osapuma. Mu 2011 chinafika ku Vesta, n'kuchokako, ndipo mu 2015 chinayamba kuzungulira Ceres. Palibe chombo china chimene chinazungulirapo maiko awiri akutali chotero chisanachite Dawn.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu. Masetilaiti a Starlink, amene anayamba kupereka intaneti m'Malawi mu 2023, amayenda pafupi ndi dziko. Kampweya kochepa kamene kali kumeneko kamawatsitsa pang'onopang'ono. Injini zamagetsi ndizo zimawakweza, kuwazembetsa zinyalala, ndipo akakalamba zimawatsitsa kuti apsere m'mwamba. Xenon ndi wosowa komanso wodula, n'chifukwa chake kampani ya SpaceX inayamba ndi krypton, kenako inasamukira ku argon, mpweya womwe uja amawotcherera zitsulo.

Chimene chikuvutabe akatswiri ndi chakuti maatomu othamangawo amadya makoma a injini, choncho injini yatsopano iyenera kuyesedwa maola masauzande m'chipinda chopopedwa mpweya. Kwinaku magetsi nawo ndi operewera. Ku Ceres dzuwa limawala mofooka kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi kuno, ndipo kupitirira apo mapanelo a sola amayenera kukula mpaka kulemetsa chombo.