Mpando wa Pabwalo Udzozedwe Mvula Isanagwe

Anthu akagulitsa kachewere, nyemba kapena fodya, ambiri m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amathamangira kwa amisiri a matabwa kukagula benchi, mipando ndi tebulo loika pakhonde. Pamsika wa ku Ulónguè kapena ku Lizulu mipando yonyezimira ndiyo imayamba kutha. Koma paja akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Yambiri mwa mipando yotereyi siona dzinja lachiwiri. Vanishi amafundula ngati njoka, thabwa limang'aluka, miyendo n'kudyedwa ndi chiswe, ndipo thukuta la kumunda limathera pamoto ngati nkhuni.

Chifukwa chake n'chakuti vanishi salowa m'thabwa, amangoyala kachikopa pamwamba. M'nyumba amakhalitsa ndithu, koma panja dzuwa la Okutobala limamusweka mizere, ndipo mvula ikayamba mu Novembala madzi amalowa m'ming'aluyo n'kukhala pansi pake osauma. Mpando umaola pamwamba pakuwalabe.

Wogula ayambe wayang'ana mtengo wake. Mlombwa, umene ena amautcha umbila, uli ndi mtima wofiirira umene chiswe sichiukonda, koma mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa imafumbwa msanga. Paini ndi wotsika mtengo koma sapirira chinyezi. Amisiri ena osakhulupirika amapaka paini utoto wofiira kuti aoneke ngati mlombwa. Munthu wochenjera amatembenuza mpando n'kukanda kunsi kwake ndi msomali. Pakatuluka poyera ndi pofewa, ameneyo ndi paini. Thabwa liyeneranso kukhala louma, pakuti laliwisi silimwa mafuta ndipo limapindika likamauma.

Chimene chimasunga mpando wa panja ndi mafuta olowa m'kati, monga a linhaça amene amapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira nyumba. Mwini mpando ayambe wapala vanishi yense wakale ndi lixa, ija ena amati sandipepa, motsata mizere ya thabwa osati mopingasa, kenaka apukute fumbi. Pa ulendo woyamba asakanize mafutawo ndi aguarrás muyezo wofanana kuti alowe bwino. Apake ndi kansanza, adikire mphindi 30, apukute onse otsala pamwamba, chifukwa akasiyidwa amanata n'kugwira fumbi. Pakapita masiku awiri apakenso mafuta okhaokha, ndipo ulendo wachitatu ukhale wotsiriza. Ntchito yonseyi ichitikire pamthunzi.

Wofuna mtundu athire m'mafutamo kaufa kofiira kaja amasakaniza ndi simenti ya pansi pa nyumba. Mtunduwo si wokongoletsa chabe, umatchinganso dzuwa kuti lisaumbule thabwa.

Malo ofunika kwambiri ndi kumapazi a mpando, pamene thabwa linadulidwa, chifukwa pamenepo limakoka madzi ngati bango. Mwendo uliwonse ugone usiku umodzi m'kachitini ka mafuta. Ndipo mpando usamakhale padothi, upondetsedwe pa njerwa kapena pamwala wafulati kuti chiswe chikayamba kumanga njira yake chioneke msanga.

Ambiri amadalira oyilo wakuda wotsanulidwa m'galimoto kapena m'chigayo poti sagula. Oyilo ameneyu ali ndi zonyansa za mu injini zoononga khungu, amadetsa zitenje, ndipo sauma bwino. Si woyenera pampando wokhalapo ana, kapena patebulo loikapo nsima.

Chenjezo lalikulu lili pa nsanza zopakira. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linhaça zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka popanda machesi. M'mudzi wa nyumba zaudzu ndi nkhokwe zoyandikana, moto wotere ungathe kumaliza chakudya cha banja lonse usiku umodzi. Nsanzazo ziyanikidwe zotambasula pabwalo kutali ndi denga, kapena zimizidwe m'chidebe cha madzi.

Mpando wodzozedwa motere umangofuna kupukutidwa ndi kupakidwanso kamodzi pachaka, mu Seputembala kapena Okutobala, matabwa ali ouma. Botolo limodzi la mafuta silifika pamtengo wa benchi yatsopano, ndipo mtengo umodzi wa mlombwa umatsala uli chiimire m'nkhalango, poti umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pochekedwa.