Lekani kuyeza katswiri powerenga ma patent

Aphunzitsi anzanga, pali chizolowezi china chomwe chanditopetsa. Tikafuna kukopa ana kuti akonde sayansi, timathamangira nkhani ya uje yemwe ali ndi ma patent ambirimbiri, ati ameneyo ndiye katswiri weniweni, ndipo ndalama akuchita kuwola. Ana nkumawomba m'manja. Bodzatu ili, ndipo tikuwasocheretsa nalo.

Patent ndi chikalata cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito luso lako popanda chilolezo. Ku America mphamvu yake imatha pakadutsa zaka 20 kuchokera tsiku lomwe unapempha. Basi. Sichinena kuti lusolo ndi lozama kapena ayi.

Taonani Peter Shor. Mu 1994, ali ku Bell Labs, anaonetsa kuti kompyuta ya quantum ingathe kuphwanya nambala yaikulu mwachangu nkupeza ma prime factor ake. Inde, ma prime factor omwewo amene inu, ana anga akale, munkayasamula nawo mu Fomu 1. Chitetezo cha RSA, chomwe chimabisa zinsinsi zambiri pa intaneti, chimadalira kuvuta kwa samu imeneyi. Shor anaika njira yakeyo poyera, aliyense awerenge. Makina oti nkuiyendetsa kunalibe. Mu 2001 akatswiri a IBM anaiyesa ndi ma qubit 7, ndipo anapeza kuti 15 ndi 3 kuchulukitsa ndi 5. Sekani ngati mukufuna, koma pepala lomwelo ndi limene linachititsa kuti mu Ogasiti 2024 bungwe la NIST ku America litulutse njira zatsopano zobisira uthenga, poopa tsiku limene makinawo adzakhwime.

Nanga patent? Shor ali nayo. Mu 1995 anapeza njira yotetezera qubit imodzi poimwaza m'ma qubit 9, chifukwa qubit siichedwa kusokonezeka ikakhudzidwa ndi kutentha kapena phokoso lamagetsi. Patent yake inatuluka mu 1998. Pofika 2016 inali itatha kale mphamvu, kompyuta yodalirika ya mtunduwu isanaoneke nkomwe. Google inaonetsa mu Disembala 2024, pa chip chake cha Willow, kuti zolakwika zimachepa ukawonjezera ma qubit, ndiponso inatsata njira ina yotchedwa surface code. Ndiye tikamawerenga zikalata, Shor timuika pati?

Ena munena kuti popanda patent makampani sangaike ndalama pa kafukufuku. Ndikuvomera, imeneyo ndi nkhani ya malonda. IBM inatsogola pa chiwerengero cha ma patent ku America zaka 29 zotsatizana mpaka 2021, koma zimenezi zikutiuzanso za kuchuluka kwa maloya ake.

Chomwe chimandiwawa ndi mwana uja wa kumbuyo kwa kalasi, wokonda samu koma wopanda kanthu kogwirika kokaonetsa pa chionetsero cha sayansi. Timamuuza, mwina osadziwa, kuti nzeru zake zilibe msika. Shor anali mnyamata wa mipikisano ya masamu, ndipo anapata mendulo ya siliva pa International Mathematical Olympiad mu 1977. Mukadzafika pa ma prime factor temu ino, dzina lake mulitchuleko.