Nyali za Tilley zisachite dzimbiri pansi pa bedi

Chakumapeto kwa 2024, m'makomboni a Lusaka magetsi ankabwera maola atatu okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February chaka chomwecho kuti ndi tsoka la dziko lonse chinaphwetsa madzi ku Kariba, moti makina ambiri opukusa magetsi a ku Kariba North Bank anaima. Sikunali koyamba. Mu 2015 ndi mu 2019 mawu akuti "malaiti yayenda" anali kale pakamwa pa aliyense ku Kanyama, Chawama ndi George. Dziko limene magetsi ake oposa 80 peresenti amadalira madzi liyenera kudziwiratu kuti mdima udzabweranso.

Anthu anathamangira makandulo ndi timatochi totchaja ta pa Soweto Market ndi ku Kamwala. Timatochiti tathandiza, koma batire yake ikangofa palibe wotikonza, timakathera kudzala kapena m'ngalande. Chonsecho m'nyumba zina zakale za ku Matero ndi Mtendere muli nyali zopopa za palafini zimene agogo anasiya, zili fumbi lokhalokha, pomwe chovuta chake ndi kachikopa kouma kapena kabowo kotsekeka ndi mwaye. Nyali zimenezi n'zoyenera kuzidzutsa.

Kuno nyali iliyonse yopopa imangotchedwa Tilley, dzina la kampani ya ku England, ngakhale ena ali ndi Petromax, imene Max Graetz anaipanga ku Berlin mu 1910, kapena Butterfly ndi Anchor, zotsanzira Petromax. Asodzi a kapenta ku Mpulungu ndi a usipa pa nyanja ya Malawi akhala akukopa nsomba usiku ndi nyali zoterezi kwa zaka zambiri, pamphepo ndi pamafunde. Chipangizo chimene chinapirira m'bwato sichingagonje pakhonde la ku Chawama.

Koloboyi amayaka ndi chingwe chonyowa palafini, n'chifukwa chake amafuka utsi. Tilley ilibe chingwe. Mpweya wopopedwa m'thanki umakankha palafini kukwera m'kachubu kotenthetsedwa, m'menemo amasanduka nthunzi, n'kutulukira pa kabowo kochepa ngati nsonga ya singano. Nthunziyo ikasakanikirana ndi mpweya imayaka m'kati mwa mantle, kathumba ka ulusi konyikidwa m'mankhwala kamene Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anatulukira cha m'ma 1880. Chimene chimawala mbee si lawi ayi, ndi phulusa la kathumbako litapsa kwambiri. Petromax yaikulu imamwa pafupifupi lita imodzi pa maola 8, ndipo imawalitsa bwalo lonse.

Kukonza kumayambira m'thanki. Palafini wakale amatayidwa, thanki n'kutsukidwa ndi palafini watsopano mpaka zinyalala zitasiya kutuluka. Kenako pampu: ngati ikungolowa osakankha mpweya, kachikopa ka kunsonga kwake kauma, ndipo kakagona m'mafuta usiku umodzi nthawi zambiri kamafewa. Kakakhala kong'ambika, wosoka nsapato angathe kudula kena. Pansi pa pampu pali kavalavu koletsa mpweya kubwerera; ndodo ya pampu ikamadzikweza yokha, kapena palafini akamalowa m'pampumo, kavalavuko katha. Mawashala a labala amene anauma n'kuyamba kuthetheka amachotsedwa onse, osasiyako ndi amodzi omwe. Kachubu kosandutsa palafini nthunzi kamadzaza mwaye, ndipo kabowo ka pamwamba pake kamatsegulidwa ndi singano yake yokha. Wotokosa ndi waya kapena phini amakulitsa kabowoko, nyaliyo n'kumangoyaka lawi lachikasu mpaka kalekale.

Kuyesa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo anthu opupuluma amapsera pomwepa. Moto usanayandikire, thanki yopanda palafini imapopedwa n'kumizidwa m'chidebe cha madzi. Thovu likatuluka pa chivundikiro, vuto ndi washala. Likatuluka m'thupi la thanki, ndiye kuti mkuwa wang'aluka kapena chitsulo chadyeka ndi dzimbiri, ndipo nyali yotere yatha ntchito. Imangosungidwa kuti idzapereke zipangizo kwa inzake. Kumata thanki yong'aluka n'kudzitchera msampha, chifukwa m'menemo mudzakhala palafini wopanikizidwa pansi pa moto.

Ikapambana mayeso a madzi, imatulutsidwa panja, pamalo opanda udzu ndi ana, ndowa ya mchenga ili pafupi. Mantle yatsopano imamangidwa n'kutenthedwa mpaka itasanduka phulusa loyera, ndipo kuyambira pamenepo siikhudzidwanso. Spiriti wofiirira amayatsidwa pansi pa kachubu, ndipo munthu amadikira mpaka atatsala pang'ono kuzima asanapope kapena kutsegula. Akafulumira, palafini amatuluka ali wamadzi, malawi achikasu n'kubuka mpaka pamwamba. Zikatero sathawa kapena kuthira madzi: amamasula chotulutsira mpweya, moto umafota wokha, nyali ikazizira amayambiranso. Ikayaka bwino imalira sii osadukiza. Iyenera kuyang'aniridwa kwa ola lathunthu, chifukwa timing'alu tina timaonekera chitsulo chikatentha. Mantle yobooka imalavula moto mbali imodzi n'kuswa galasi.

Petulo asalowemo ngakhale dontho. Palafini akasowa, nyali izikhala yozima.

Kunena zoona, Tilley si nyali ya m'chipinda. Nyumba zambiri za lendi ku Kanyama ndi George n'za chipinda chimodzi kapena ziwiri, zenera laling'ono, makatani ndi matiresi zili pafupipafupi. Nyali imeneyi imatentha kwambiri, imadya mpweya, ndipo ikamayaka molakwika imatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa June. Mwana wowerenga za mayeso amugulire nyali ya sola. Ndiponso lita ya palafini usiku uliwonse, pa mtengo umene bungwe loona za mitengo ya mafuta la ERB limalengeza mwezi ndi mwezi, banja wamba silingakwanitse.

Malo ake ndi panja, pamene pasonkhana anthu ambiri: pamaliro, pamene azibambo amachezera pamoto mpaka mbandakucha; pamapemphero a usiku wonse; pamzere wa tuntemba; pa ukwati umene magetsi authawa. Mpingo kapena gulu la chilimba likhoza kukhala ndi nyali ziwiri zokonzedwa bwino, ndi munthu mmodzi wodziwa kuziyatsa. Siifuna kutchaja, choncho tsiku lachitatu la mdima imawala chimodzimodzi ndi tsiku loyamba.

Amisiri alipo kale. Amene amawotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga ndi amene amakhala manja lende magetsi akapita, pomwe ntchito ya nyali imangofuna sipanala, pulayala ndi chidebe cha madzi. Achikulire amene anakulira pa Tilley akadalipo oti n'kuwaphunzitsa, koma akucheperachepera. Chimene chikusowa kwenikweni ndi zipangizo. Amalonda a ku Kamwala amene amaitanitsa makatoni a matochi angathe kuwonjezerapo bokosi la ma mantle, magalasi, mawashala ndi singano za Petromax, zimene zikupangidwabe mpaka lero ndipo zambiri zimalowanso pa Butterfly ndi Anchor.